Nyumba ya Kuseri kwa Golo

Aliyense amene anasoketsapo yunifolomu ya mwana ku Likangala akuwadziwa mayi Consolata Nakoma. Ndi aja amakhala pakhonde la nyumba ya malata adzimbiri, kuseri kwa mpanda wa bwalo la mpira la koleji, mapazi ali pa makina osokera kuyambira m'mawa. Nyumbayo ili pafupi kwambiri ndi golo ya kumunsi moti wosewera akaphonya, mpira umagwera m'dimba lawo la mpiru. Anyamata akabwera kudzautola amawapatsa, koma osaseka nawo. Mayi Consolata mpira saukonda. Kunena mosabisa, amauopa monga ena amaopera njoka.

Anabadwira pamwamba pa phiri la Zomba, kumene bambo awo ankadzala ndi kudulira mapaini. Konko ndiko anakumana ndi a Blaise, mnyamata wanthabwala amene ankacheka matabwa, tsitsi lake lili mbuu ndi utuchi tsiku lililonse. Atakwatirana kutchalitchi anatsikira m'tauni, mkazi nayamba kusoka, mwamuna napitiriza za matabwa. Anabereka mwana mmodzi yekha, Philip. Utuchi uja sunangothera m'tsitsi ayi, unalowanso m'chifuwa. Philip asanayambe n'komwe sukulu, bambo ake anali atadwala mphumu, ndipo usiku kupuma kwawo kunkalira ngati ketulo yowira. Ntchito anasiya, banja lonse nkutsamira pa makina aja.

Tsono chaka chilichonse mpikisano wa makoleji unkatsekedwa ndi masewero amodzi pabwalo limenelo. Timu ya kuno, imene ankaitcha Mapaini, inkakumana ndi timu ya koleji ina ya ku Blantyre, Makhwangwala. Udani wa matimu awiriwa palibe amene ankadziwa kumene unayambira, koma aliyense ankadziwa mmene unkathera. Mapaini akapambana, alendo ankakwera mabasi awo akutukwana. Mapaini akagonja, miyala inkayamba kuuluka, apolisi nkubwera, kenako utsi wokhetsa misozi. Ndipo amenewa ndi ana ophunzira, oti mawa adzatilamulira!

Chaka china chitini cha utsiwo chinadumpha mpanda n'kugwera pansi pa mtengo wa mango wa a Nakoma. Mayi Consolata sanaiwale zimene anaona. Amuna awo anagwada pakhonde, kukamwa kuli yasa, maso atatong'oka, milomo itayera ngati phulusa, akukoka mpweya umene sunkalowa. Anansi anawanyamula pa wilibala mpaka kumsewu. Anachira, koma namwino anawauza mayiwo maso ndi maso kuti chifuwa chimenecho sichidzapirira utsi wotere kachiwiri.

Kuyambira pamenepo banjali linakhala ndi mwambo wakewake, wothawa mpira. Masewero aja ankachitika mu Okutobala, kutauni kukuwotcha, kuphiri kuli kamphepo kabwino. Loweruka limenelo likayandikira, mayi Consolata ankafunditsa makina, kukhoma nyumba, n'kukwera ndi amuna awo galimoto yonyamula mitengo kupita kwa achimwene awo a Yesaya, amene ankalima mbatatesi ndi kugulitsa sitiroberi kwa alendo m'mbali mwa msewu. “Afika othawa nkhondo aja!” a Yesaya ankatero akawaona, n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku. A Blaise ankakhala pamwala n'kumayang'ana tauni pansi, bwalo likuoneka ngati kansalu kobiriwira. Lamulungu madzulo ankatsika, n'kukasesa miyala pabwalo la nyumba.

Koma mwana wokulira kuseri kwa golo mungamuletse bwanji mpira? Philip anakula akuumenya kukhoma la nyumba mpaka pulasitala kugwa. Mutu nawo unali wabwino, ndipo atakhoza mayeso anamusankhira ku koleji ya ku Blantyre ija. Pasanapite nthawi anamveka kuti ndiye womwetsa zigoli wa Makhwangwala. Bambo ake ankauza aliyense wodutsa pamsewu. Mayi ake ankangoweramira pa makina. Zaka zonse zimene Philip ankabwera kudzasewera kuseri kwa nyumba yakwawo, makolo ake ankakhala ali kuphiri.

M'chaka chake chomaliza zinthu zinasokonekera. Makoleji anali atatsekedwatsekedwa, uyu lero uyu mawa, matemu osagwirizananso. Akuluakulu a mpikisano anakumana mu holo ina, anamwa tiyi wawo, n'kugawa matimu m'zigawo zatsopano. Anagwirizananso kuti mpikisano uzitha mayeso asanayambe. Palibe amene anaganiza zofunsa telala wa ku Likangala. Nkhaniyo anaimva kwa Philip pafoni.

“Amayi, gemu yathu ndi Mapaini aisuntha. Si Okutobala ayi, ndi kumapeto kwa Juni.”

“Juni wake uti?”

“Yemweyu tikulowayu.”

Mayi Consolata phiri ankalidziwa. Mu Juni kumeneko kumagwa chiperoni, nkhungu yonyowa imene imalowa m'nyumba ndi m'mabulangete momwe, dzuwa osaoneka masiku angapo. A Blaise anakwerako kamodzi nyengo imeneyo kukakhuza maliro, ndipo anatsika atanyamulidwa. Komabe mayiwo anakwera okha kukaona, kuti mwina chaka chimenecho kunali kosiyana. Anapeza a Yesaya akuotha moto masana, atavala majuzi awiri.

“Achemwali, nyumba ino ndi yanu,” anatero a Yesaya. “Koma alamu musabwere nawo kuno. Sitidzagona.”

Mayi Consolata anayesa njira ina. Mnzawo wa kukwaya, mayi Catherine a ku Matawale, anavomera kuwasunga tsikulo. Koma a Blaise, amene moyo wawo wonse ankangoti “mmene mwaoneramo,” ulendo uno anakana.

“Mayi a Philip, ndathawa zaka zokwanira,” anatero, akupumira pakati pa mawu. “Mwana wanga akusewera komaliza, kuseri kwa nyumba yanga. Kumuona sindingathe. Koma kumumva, ndimumva.”

Akazi awo anawanyengerera, anawakalipira, analira, anawatumira ngakhale akatekisiti. A Blaise sanasunthe. Masabata amenewo mayi Consolata anasoka mizere yokhota, anabaya chala ndi singano kangapo, ndipo wisulo ya anyamata ochita zokonzekera ikalira pabwalo, ankaimitsa makina.

Loweruka lija kunacha kuli mitambo, phiri lonse litabisala mu nkhungu. Mabasi a ku Blantyre anamveka akulowa m'tauni ndi nyimbo zawo zopanda ulemu zija. Mayi Consolata analowetsa makina m'nyumba. Anatulutsa thumba la zidutswa za nsalu, zotsala za mayunifolomu ndi madilesi a ukwati a anthu, n'kuziviika mubeseni. Anatseka nazo pansi pa chitseko, m'ming'alu ya mawindo, ndi pamene khoma limakumana ndi malata, atakwera pampando. Pamawindo anapachika mabulangete onyowa. Kabotolo ka mankhwala a mphumu kopopera m'kamwa anakamangirira pakona ya chitenje. Atamaliza, m'nyumba munali mdima ndi fungo la nsalu zonyowa.

A Blaise anakhala pampando wawo, khutu ku khoma. “Ayamba,” anatero.

Mpira wonse anaumvera pakhomapo, n'kumafotokozera akazi awo ngati wailesi. Khamu likati “Aaaa!” ankati wina waphonya. Likayamba kutukwana, ankati oyimbira aimba zosakondweretsa. Mayi Consolata anagwada pafupi ndi bedi, korona m'manja. Chimene ankapempha sanachiuze munthu kwa zaka zambiri. Ankapempha kuti mwana wawo asagoletse. Amayi Maria, mwendo wake ulemere, aterereke, mpira umulambalale. Anachita manyazi ndi pemphero lotere, koma sanalisiye.

Nthawi yopumula inafika popanda chigoli. Chigawo chachiwiri chinapita, chinapita, ndipo mayiwo anayamba kukhulupirira kuti mwina zithera pomwepo. Akalepherana, anthu amangobalalika akung'ung'udza.

Kenako bwalo lonse linangoti zii. Anthu ochuluka chotero kukhala chete nthawi imodzi, sikumveka bwino. M'kati mwa cheteyo kagulu kochepa ka kumbali ya alendo kanaphulika, malipenga, zigubu, ndi dzina limodzi likubwerezedwa: “Nakoma! Nakoma!”

“Ndi iyeyo!” anatero a Blaise, akumenya pa bondo. Ankaseka, misozi ili mbwe. “Mwamva? Dzina langa limenelo!”

Mayi Consolata anamvanso china chimene amuna awo sanafune kumva. Kumbali ya Mapaini kunayamba mawu ena, okhuthala: “Wogulitsa! Mwana wa konkuno! Wogulitsa!” Wisulo yomaliza sinamveke n'komwe. Mwala woyamba unagwa padenga, wachiwiri, kenako ngati matalala. Kunamveka magalasi akusweka, anthu akuthamanga m'kanjira ka kuseri, ndi kuphulika kuja kumene ankakulota zaka zonsezi. Phuu! Phuu!

Anathamangira pawindo n'kusuzumira m'mbali mwa bulangete. Utsi woyera unali utadzaza pabwalo la nyumba, mtengo wa mango osaoneka. Koma m'nyumba simunalowe kanthu. Zidutswa zija zinkagwira ntchito. Anamasula kabotolo, n'kuwapopera amuna awo m'kamwa, n'kuwagwira dzanja. “Pumani pang'onopang'ono, bambo a Philip. Udutsa. Tingokhala chete, udutsa.”

Pamenepo chitseko chinagundidwa.

“Amayi! Amayi, tsegulani!”

Anali Philip. Anali atadumpha mpanda pamalo pomwe ankadumphira ali mwana, ndipo ankatsokomola moti mawu ankaduka. Pambuyo pake pankamveka mapazi ambiri ndi kufuula. “Ndi uyo! Wavala yakuda uyo! Mugwireni!” Mwala unamenya chitseko pafupi ndi mutu wake.

Mayi Consolata anaimirira pakati pa nyumba. Anayang'ana chitseko, nsalu zonyowa zili pansi pake monga anaziikira. Anayang'ana amuna awo. Ankadziwa chimene chinali kunjako, ndipo ankadziwa chimene chidzalowe akangotsegula. Anangoima pomwepo.

“Amayi, andipha!”

A Blaise analibe mpweya wolankhulira. Anangokweza dzanja n'kuloza chitseko, nkhope ili gwa, monga bambo wolamula m'nyumba mwake.

Mayi Consolata anatsegula. Philip anagwera m'kati, magazi akutsika pachipumi, jezi itang'ambika. Utsi unalowa naye limodzi, wambiri, woyabwa, ndipo chitseko chinavuta kutseka chifukwa nsalu zija zinakola pansi. Omuthamangitsa aja ataona mayi wachikulire ali pakhomo, nawonso maso akuwawotcha, anabwerera akutsokomola. Pofika nthawi imene chitseko chinatsekeka, a Blaise anali atatsika pampando, ali chogwada.

Philip anawabereka bambo ake kumsana, nsapato za mpira zili kuphazi, n'kuthamanga nawo kudutsa mu utsi mpaka kumsewu waukulu. Kuchipatala madokotala anayesetsa. A Blaise anatsitsimuka kamodzi Lamulungu m'mawa, n'kufunsa mwana wawo ngati chigoli chija chinali cha mutu kapena cha mwendo. Philip anati cha mutu. Bambowo anagwedeza mutu mokhutira. Lachiwiri anamwalira, ndipo anakaikidwa kuphiri, nkhungu ili tolo.

Philip tsopano amagwira ntchito ku Lilongwe. Mpira sanaumenyenso. Anawachonderera mayi ake kuti agulitse nyumbayo akakhale naye, koma anakana. Akuluakulu aja anasinthanso ndondomeko yawo kangapo konse, ndipo masiku ano masewerowo amatha kugwa mwezi uliwonse. Mayi Consolata amafunsa tsiku lake kwa anyamata odzatola mpira m'dimba.

Tsikulo likafika, a Yesaya amaimba foni kuti achemwali akwere. Sakwera. Mantha sanawathere: mabasi akangomveka amasiya kusoka, ndipo chakudya sichitsika. Koma salowetsanso makina, saviikanso nsalu. Amatsegula chitseko chonse, n'kuchitchinjiriza ndi njerwa kuti mphepo isachitseke, n'kukhala pakhonde mpaka bwalo litatha anthu.

Mayi Catherine anawafunsa tsiku lina chifukwa chake amadzizunza chonchi.

“Tsiku lija ndinaima, amnzanga,” anayankha. “Mwana wanga akuitana, ine ndinaima. Mwana wa wina akadzadumpha mpanda uwu, asadzachite kugogoda.”