Geji inanena zoona, wabodza ndinali ine

Nkhani iyi ndi yoona, ndipo mukaimaliza muvomereza nokha kuti palibe munthu wanzeru zake amene angapeke nkhani yodzichotsera ulemu chonchi. Maina sinditchula, chifukwa anthu ake alipo ndipo ena timakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi.

Ndine makanika ku Petauke, ndipo zaka zimenezo ndinali wodzimva koopsa, moti munthu akangoyerekeza kundiuza kuti mwina vuto ndi mapulagi, ndinkamufunsa kuti nanga kwa ine wadzatani. Ndinali ndi kasitomala wina, bambo wogula thonje m'midzi, amene ankakonda galimoto yake mpaka akazi ake ankaitcha mkazi wamng'ono. Tinali titaiika tabo, chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu, titachotsa chibokosi chosefa utsi n'kuika chipaipi cholira ngati bingu. Tsiku lina anabwera ndi kabokosi kamene anaitanitsa ku Lusaka, mkati muli geji yozungulira ya manambala ofiira, ntchito yake kuonetsa ngati petulo amene injini ikulandira akukwanira mpweya umene ikukoka, pakuti injini ya tabo ikaperewedwa petulo imapsa. Gejiyo imabwera ndi sensa, kachitsulo konga pulagi kamene umamanga pa paipi ya utsi kuti kazinunkhiza utsiwo.

Kunena zoona ndinali ndisanaionepo chibadwire. M'bokosimo munali kabuku ka malangizo, bamboyo anafuna kuti tiwerengere limodzi, koma ine ndinakaponya pa benchi n'kunena kuti zoterezi ndamanga zambirimbiri. Safunsa anadya phula. Ndinaboola paipi n'kuwotchererapo nati yomangira sensa, koma magetsi tsikulo anali ofooka, makina akungotsokomola, ndipo powotcherera panatuluka timabowo timene ndinationa ndi maso angawa, n'kungomatapo phala lotsekera utsi. Waya wa sensayo unayenera kulowera kutsogolo pa kabowo ka mphira, koma kumeneko kunali kothina ndipo minibasi ina inkandidikira, ndiye ndinangoboola pansi pa galimoto, pafupi ndi pamene ndinawotcherera paja, bowo lolowa zala ziwiri, n'kudutsitsa waya, n'kuphimba ndi kapeti. Mphira wotsekera sindinaike.

Masiku oyamba geji inkaonetsa 14 ndi kanthu, monga ziyenera kukhalira injini ikamalira galimoto itaima. Phala lija litagwa, nambala inalumphira ku 18, ku 19, ndipo bamboyo anabwera nkhope ili gwaa. Paipi ikamadontha imakokanso mpweya wakunja, ndiye sensa imaona ngati petulo wachepa. Zimenezo ndinazidziwa bwino pambuyo pake, koma zoti kuwotcherera kwanga kunali kokayikitsa ndinkazidziwa pomwepo, ndipo kugona pansi pa galimoto mphindi ziwiri kukanandiuza zonse. Kodi ndikanagona bwanji, mwiniwake ataima pomwepo kuti aone manyazi anga? M'malo mwake ndinapotokola kowonjezera petulo, utsi unayamba kuluma m'maso, ine n'kumuuza kuti mageji oitanitsawa amakokomeza zinthu.

Tsono kumudzi kwa bamboyo, ku Luembe, kunali amayi ena okalamba amene anabwera kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo n'kukhazikika konkuno, amuna awo anamwalira, ndipo ankakhala okha m'mbali mwa njira ndi timbuzi tawo. Galimoto ija ikamadutsa mbuzi zinkabalalikira m'minda ya eni, ndiye tsiku lina ine ndili momwemo anatiimitsa n'kukalipa kuti motoka yachongo iyi tsiku lina izamupayani, kunena kuti izakuphani. Ndi mau amene mayi aliyense amauza munthu wothamangitsa galimoto, ndipo tonse tinaseka.

Mwezi wa Febuluwale bamboyo anandipempha kuti ndiwaperekeze kumudzi kokasiya mayi ake omubereka, amene anabwera kudzacheza kutauni, kuti galimoto ikavuta m'matope makanika akhale pafupi. Kumbuyo kunakhala mayi akewo ndi akazi ake. Titadutsa Nyimba n'kusiya tala, dzuwa lili pamutu, inatsika mvula yamphamvu, ndipo tinapeza kamtsinje kena katasefukira. Tinaima. Magalasi onse anali otseka, injini sanaizimitse chifukwa batire inali yofooka. Ine mutu unali utayamba kale kuwawa, ndinkati ndi njala, ndiye ndinatsika kukaona madzi, n'kukabisala pansi pa mtengo ndi abambo atatu a njinga amene nawonso ankadikira. Tinacheza za feteleza, za mitengo ya thonje, mwina theka la ola, mwina kupitirira.

Madzi atatsika ndinakodola ndi dzanja kuti ayandikire, koma galimoto sinasunthe. Ndinaimba mluzu, ziii. Ndinafika pagalasi n'kupukuta ndi chikhatho kuti ndione mkati. Bamboyo anali atagwetsa mutu pa chiwongolero, malovu akutsikira pa bondo, akazi ake atatsamira chitseko maso ali otsegula theka, oyera okhaokha, ndipo mayi aja anali atagwera chammbali atadzisanzira. Wailesi inali ikuimbabe, geji ikuwala 19. Nditatsegula chitseko, mpweya wofunda unandimenya kumaso. Ndinakuwa ngati mwana, abambo a njinga aja anathamanga, tinawakokera onse atatu panja n'kuwagoneka m'matope mvula ikuwamenya. Ndinagwira dzanja la mayi aja, linali lende, ndipo mumtima ndinati basi, ndapha anthu. Bamboyo anadzuka akusanza, akazi ake anatsitsimuka n'kumafunsa kuti tili kuti, koma mayi aja ankangopuma mwapatalipatali.

Ndinaiyendetsa ndine galimoto kupita ku kachipatala ka kufupi, ndipo ndisanainyamule ndinatsitsa magalasi onse anayi, mvula ikulowa. Zimenezi zokha zikukuuzani kuti ndinali nditadziwa kale chimene chawagwetsa.

Kuchipatalako dokotala wachinyamata atawaona anafunsa ngati utsi wa injini umalowa m'galimotomo. Onse anatembenukira kwa ine, makanika. Abale anga, ndinaganiza za polisi, ndinaganiza za galaji yanga ndi dzina langa pa Petauke, ndipo ndinayankha mosaphethira kuti sizingatheke, paipi ndinaimanga ndekha ndipo ili bwinobwino. Madzulo achibale atasonkhana, mmodzi anakumbutsa mau a amayi a mbuzi aja. Wina anafunsa kuti nanga amakanika sanagwe bwanji pamene anali m'motoka yomweyo, ndipo anayankhana okha kuti mankhwala amadziwa magazi a banja limene atumidwa. Ine ndinali pomwepo, manja m'thumba, ndipo ndinawasiya akhulupirire zimenezo.

M'mawa mwake ndinatenga galimoto ija, ndikuti ndikaitsuke, n'kukamasula paipi yonse. Pa nati paja panali mwaye wakuda bii wolozera pa bowo langa lija, ndipo pansi pa kapeti panali poderatu. Ndinawotchereranso mwaluso, n'kutseka bowo ndi mphira, kowonjezera petulo kaja ndinakabweza m'malo, geji inabwerera pa 14 ndi kanthu. Mwiniwake ataona anati mapemphero agwira ntchito. Mayi ake anapulumuka, koma mutu sunabwererenso m'malo, ankaiwala maina a adzukulu awo, ndipo sabata isanathe anyamata a m'banjamo anapita kwa amayi a mbuzi aja. Anawatenthera nkhokwe, anawagenda, mwala wina unawaphwanya diso, ndipo anthu a mpingo wawo ndi amene anawathawitsira ku Ndake. Uthengawu unandipeza ndili pansi pa minibasi, ndinangopitiriza kumanga mabawuti.

Patatha chaka ndinalephera kupirira, ndinapita kwa bamboyo n'kumuuza zonse, kuyambira kabuku mpaka kapeti. Iye anati ndachedwa, nkhaniyi ikatuluka anyamata a m'banjamo aja azamangiwa ndipo banja lonse lizasekedwa ndi anthu, ndiye ndizisiye momwemo. Galimoto yake sanabweretsenso kwa ine. Chimene chimandichititsa manyazi koposa n'chakuti atandiuza kuti ndizisiye, mtima wanga unapepuka, ndinabwerera kunyumba ngati munthu amene wakhululukidwa, pamene wondikhululukira weniweni ndinali ndisanamufunefune n'komwe.

Amayi a mbuzi aja ndinakumana nawo chaka chatha ku Nyimba, pamene basi imaima anthu n'kumagula nthochi. Anali atakhala pansi ndi lichero lawo, diso limodzi lili lotsekeka, ndipo ine ndinawazindikira mochedwa nditatambasula kale dzanja ndi ndalama. Anandiyang'ana ndi diso latsalalo n'kufunsa ngati sindine amakanika aja amene ndinatulutsa anthu m'motoka pa kamtsinje. Ndinavomera. Anaomba m'manja n'kunena kuti Mulungu andidalitse, chifukwa anthu aja akanafa, achibale awo sakanawasiya iwonso ndi moyo, ndiye ine ndinapulumutsa anayi, osati atatu. Anathyola nthochi zina ziwiri n'kundiikira, ati mbasela ya mwana wabwino. Basi inaliza hutala, ndipo ndinakwera nazo nthochizo ndisanawauze zoona.

Za ufiti sindikangana ndi munthu, aliyense ali ndi zimene anaona, koma chimene ndikukhulupirira lero n'chakuti ambiri amene timawagenda m'midzimu amafera ntchito yolakwika ya munthu wina amene waima pagulu pomwepo atatseka pakamwa. Amakanika anzanga, mukaboola paipi ya utsi wotchererani mpaka patsekeke, musasiye bowo pansi pa galimoto ngakhale laling'ono bwanji, ndipo chida chikakuuzani zimene simukufuna kumva, gonani pansi muone. Inu oyenda, musakhale m'galimoto yoima magalasi ali otseka injini ikulira, utsi umene umapha sununkha. Ndipo mukalakwitsa, nenani tsiku lomwelo anthu asanapeze womuloza chala, chifukwa ine ndinadikira, ndipo mpaka lero ndikafika pa Nyimba ndimakhala m'basi nkhope nditalozetsa kumbali ina.