Malata a Mkamwini wa ku Utale

A Elliam Makwinja anali kalipentala. Kwawo kunali kwa Mposa, koma anakwatira ku Utale ali mnyamata, nakhala kumeneko pa chikamwini zaka zoposa makumi atatu. Ntchito ya matabwa anaiphunzira ku mishoni. Sanali munthu wa mawu ambiri. Ukawauza kuti chitseko chako chikukhula pansi, ankangoti "Tiona," ndipo m'mawa mwake unkangomva nyundo pakhomo.

Akazi awo a Clementina anabereka ana asanu, koma amene anakula ndi mmodzi yekha, Martina. Nyumba anayamba ndi ya udzu monga wina aliyense. Malata ankagula limodzilimodzi ku Balaka akapeza kangachepe, n'kumawasunga kuseri kwa nkhokwe, mpaka chaka china anakwana kufolera nyumba yonse. Inali nyumba yoyamba ya malata m'mudzimo. A Blasius, mlongo wawo wa a Clementina, amene anali mwinimbumba, anabwera kudzaiona. Anaizungulira manja ali kumbuyo, nati, "Alamu, mwamangatu ngati ndi panu." Onse anaseka tsiku limenelo.

A Clementina anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, patangopita zaka zochepa njanji ya ku Nayuchi itatsegulidwa. Atatha kumeta, abale anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti agawe za malemu. A Blasius ndiwo ankatchula. Nsalu ndi miphika zinapita kwa azimayi a pabanjapo, mbuzi zinapita kwa Martina. Za munda panalibe chokamba, poti munda ndi wa mbumba. Kenaka anatembenukira kwa a Elliam.

"Alamu, takhala nanu bwino, mlandu palibe. Koma amene anakuitanani pano wapita. Tikukusudzulani, mupite kwanu mukapume."

"Amalume, kwawo kuti?" anatero Martina. "Ababa akalambira pano."

"Iwe khala chete. Tonde wobwereka amabwezedwa kwa eni ake, kaya akhale wofatsa chotani. Sitikuwalanda kanthu. Atenge njinga yawo, zipangizo zawo, ndi malata awo. Makoma ndi nthaka n'zathu. Pamwambapo tifolera ndi udzu."

M'midzi ina mkamwini wokalamba amamuleka kuti adzafere pa ana ake, koma zimenezo zimachokera m'kamwa mwa mwinimbumba, ndipo a Blasius anali atanena kale. A Elliam anawomba m'manja, nathokoza, monga momwe mwambo umafunira.

Martina sanafune kuti zithere pomwepo. M'nyumba ya malata ija ankagonamo iye ndi ana ake atatu, chifukwa mwamuna wake anapita ku Joni nasiya kumveka, ndipo kanyumba kawo kanali katagwa. Anawakakamiza bambo ake mpaka anapita ku boma, kadi ya chipani ili m'thumba la malaya. Kalaliki wa kumeneko anali waulemu. Anawapatsa mpando, namvetsera nkhani yonse.

"Bambo, za malemu zapita kwa mwana wawo?"

"Eya, zambiri."

"Ndiye ife tilibe polowera. Za pamene mugone inuyo, zimenezo ndi za kumudzi."

Patapita masiku anafika Chester, mwana wa malemu mlongo wawo wa a Elliam, kuchokera kwa Mposa kudzawatenga. Sanali munthu woipa, koma sankadziwa kukulunga mawu.

"Amalume, ndinene mosabisa. Kwathu nyumba yanu kulibe, ndipo munda wanu anthu anagawana ine ndisanabadwe. Mukafika ndi malatawa, tiumba njerwa, mukhala munthu wa pakhomo panu. Koma mukafika chimanjamanja, aliyense adziti m'kamwa mwina mwabwera."

A Elliam anadziwa kuti mnyamatayo akunena zoona. Maso anali atayamba kuchita nkhungu, manja ankanjenjemera akagwira sowo. Mphamvu yogulanso malata ena analibenso. Anavomera.

M'mawa mwake Chester anakwera padenga ndi nyundo. Martina anatulutsa mikeka ndi mabulangete, naziunjika pabwalo, kenaka anatenga chikwakwa n'kulowera kudambo osayang'ana munthu. Misomali inali yadzimbiri, ndipo uliwonse unkalira pozuka. A Elliam anaima pansi kulandira. Lata loyamba linatsika, lachiwiri linatsika, dzuwa linagwera m'chipinda chimene a Clementina anadwaliramo.

Akulandira lachitatu, anaona Martina akubwerera. Pamutu anali atasenza kamtolo ka udzu kothothoka, kakuda kunsonga, kosakwana n'kufolera khola la nkhuku. Miyendo yake inali phulusa lokhalokha mpaka m'maondo. A Elliam anafolerapo nyumba zambiri pa moyo wawo. Ankadziwa kuti udzu umamwetedwa nyengo yozizira, ndipo kuti pofika mwezi umenewo tchire lonse limakhala litapsa, pamene amene anamweta amakhala atafolera kale zawo. A Blasius nawo ankazidziwa zimenezi. Kum'mawa mitambo inali itayamba kale kuunjikana madzulo alionse.

"Chester, tsika."

"Mwati bwanji, amalume?"

"Ndati tsika. Undipatse nyundoyo."

"Aa, amalume! Tagwirizana dzulo lomweli. Nanga ine ndabwerera chiyani kuno, mtunda wonsewu?"

"Wabwerera ine."

Anakwera okha makwerero, pang'onopang'ono, akupumira m'njira. Chester anaima kanthawi akung'ung'udza, koma pomaliza anayamba kuwapatsira malata aja. A Elliam anawongola misomali yakale pamwala, nakhomera, ndipo mabowo amene anakula anawamata ndi phula. Martina anatula kamtolo kake, nakhala pansi pomwepo, nadziphimba kumaso ndi chitenje.

A Blasius anamva kukhoma, nabwera. "Alamu, n'chiyaninso chimenechi? Musakanene kwanuko kuti tinakulandani."

"Iyayi, alamu," anayankha a Elliam ali padenga. "Sindikusiyira inu."

Njinga anaigulitsa kuti apeze ya ulendo. Asananyamuke anapempha kuti akaone manda, ndipo anawalola. Martina anawaperekeza kusiteshoni atasenza bokosi lawo la zipangizo. Sitima itafika sanayankhulane zambiri. Anangomuuza kuti asalole ana kuponya miyala padenga.

Kwa Mposa zinayenda monga Chester ananenera. Amene ankawadziwa a Elliam anali atatha kufa, ndipo otsalawo ankawatchula kuti agogo a ku Utale. Anawapatsa kanyumba kamene kale kanali kophikira, kamwaye kudenga, chakudya n'kumalandira lero pakhomo ili, mawa pakhomo lina. Ankakonzera anthu mipando ndi mipini, mpaka maso anakaniratu. Sanamvekepo akudandaula. Mvula ikamabwera ankakhala pakhomo n'kumafunsa odutsa ngati yafikanso kutsidya kwa Shire.

Anakhala kumeneko madzinja awiri. Uthenga wa imfa yawo unachedwa m'njira, ndipo Martina anafika atawaika kale, kutali ndi akazi awo ndi ana awo anayi aja. Anthu anasonkhana kuti agawe za malemu monga mwa mwambo. Chester analowa m'kanyumba kaja, natuluka ndi mkeka, bulangete ndi jekete yakale. Zipangizo a Elliam anali atasinthitsa kale ndi chimanga. Mkulu wina anafunsa ngati pali china chotsala m'katimo. Chester anapukusa mutu, ndipo anthu anadzuka n'kupita kuminda.