Amayi Kulibe

Tepi ya vidiyo ija inalibe chikuto, ndipo pakona inali yomata ndi selotepi. Amalume ankaiika mu deki Lamlungu lililonse masana, dzinja limene ine ndi amayi tinasamukira kwawo ku Biwi, abambo atamwalira. Inali filimu yakalekale ya azungu: mayi wina ankatsekera mng'ono wake m'chipinda chapamwamba, n'kumauza alendo kuti akudwala. Chizungu sindinkachimva, koma kulira kwa kiyi ndinkakumva bwinobwino. Amalume ankapukusa mutu, amvekere, "Koma azungu nkhanza!"

Anzanga ndinalibe. Geti linkakhala chitsekere, ati ana a m'Biwi ndi opanda mwambo. Ndinkangokhala pakhonde kumvetsera mvula ikudontha mu ndowa yadzimbiri, amayi ali kuseri kuchapa malaya a amalume.

Kumsika kunali bambo wina wosoka nsapato amene ankafuna kukwatira amayi. Amayi anavomera. Koma nkhani ya banja imadzera kwa nkhoswe, ndipo nkhoswe ya amayi anali amalume omwewo. Bamboyo atalonjeza kuti abwera Lamlungu ndi mkulu wake, amalume anayamba kupita okha kumsika, osawalolanso amayi kupitako.

Lamlungulo anakweza filimu mpaka mawindo kunjenjemera, n'kundinong'oneza kuti, "Akagogoda, ukanene kuti amayi kulibe, anapita kumudzi." Ndinakanena. Ndimakumbukabe fungo la polishi, ndi ambulera yothyoka nthiti imene anthu awiriwo anafunda. Anabwera katatu, ine katatu konse, "Amayi kulibe." Madzulo amalume ankati, "Waona, mlongo wanga? Amuna a m'tauni ndi choncho."

Lero ndinene poyera: amalume sankafuna kutaya wowachapira ndi wowaphikira, basi. Chimandiwawa n'chakuti bodzalo analidutsitsa pakamwa panga. Ine ndiye ndinkanyada, inu! M'nyumba monse muja panalibe wina wondituma ntchito yachikulu ngati imeneyo.

Lamlungu lachitatu amayi anandipeza pampopi. Anali atavala ndolo, kumaso atadzola paudala. Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Iwe, palibe amene wagogoda?"

"Palibe," ndinatero, ndikuwayang'ana m'maso.

Anavula ndolo zija pang'onopang'ono, n'kuwerama pampopi kusukusula, dzuwa lisanapendeke n'komwe. Ine ndinangodabwa kuti munthu wamkulu akuwonongeranji paudala wabwinobwino.