Lamulo la Pamlatho

Nditakwatiwa ndinkaganiza kuti chimene chidzandivute kubanja la amuna anga ndi chilankhulo, poti iwo kwawo ndi kumpoto pamene ine ndine wa kumudzi konkuno ku Lilongwe. Koma ayi. Chimene chinandisowetsa mtendere pafupifupi chaka chathunthu chinali masewera a pakhonde otchedwa Ndatsika.

Apongozi anga aamuna anali atapuma ntchito m'boma ndipo ankakhala ku Area 3, m'nyumba yakale yokhala ndi mitengo ya mapeyala kuseri. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, banja lonse linkakumana kumeneko. Tikatha kudya, apongozi aakazi ankatulutsa tiyi pakhonde, ndipo bambowo ankagogoda kapu ndi supuni. Pamenepo ndiye kuti masewera ayamba.

Ankati anawamva pa wailesi kalekale, m'sewero lina loseketsa, ana awo akadali aang'ono. Poyang'ana, anali osavuta. Aliyense ankatchula dera limodzi la mumzindawu, mosinthanasinthana, ngati kuti tonse takwera minibasi imodzi. Uyu akati Area 25, winayo amati Area 18, wina Kawale. Amene wanena kuti "Area 3, ndatsika" popanda womutsutsa ndiye wapambana. Nkhani inagona pa kutsutsako.

Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga amene ankagwira ntchito ku City Centre, ndiye anali katswiri.

"Objection, adada," ankatero. "Simungachoke ku 18 kupita ku 47 mutavala jekete."

"Jeketeyi ndi yosamanga mabatani," bambowo ankayankha modekha. "Lamulo limenelo limagwira jekete yomanga."

Onse ankagwedeza mitu ngati anthu amene akumva nkhani yaikulu kubwalo la milandu, osaseka ngakhale pang'ono.

Ine ndinakulira pa benchi ya amayi anga mumsika wa ku Area 2, kugulitsa nyemba ndi mtedza. Mzindawu ndinkaudziwa ndi mapazi, pamene iwowo ankaudziwira pa windo la galimoto. Choncho ndinati mumtima, apa pokha ndiwaonetsa. Tsiku loyamba, amuna anga atati Area 25, ine ndinati Kanengo, chifukwa msewu umapitadi choncho. Apongozi aamuna anavula magalasi.

"Kanengo pambuyo pa 25, nyengo ya mvula ino? Mwabwerera kudepoti, mpongozi."

Ndinati zikomo, n'kukhala chete. Onse anandiyang'ana kwa kanthawi ngati akuyembekezera kanthu, kenako anapitiriza. Kuyembekezera kumeneko kunkachitika Lamulungu lililonse, ndipo sindinkakumvetsa.

Kwathu apongozi sutsutsana nawo. Suwayang'ana m'maso, suwadula mawu, ukamawapatsa madzi umagwada. Amayi anga anandilangiza zimenezi mobwerezabwereza ndisanalowe m'banja, ndipo ndinazigwira ndi manja awiri. Pakhondepo ena onse ankakhala pamipando, ine ndinkayala chitenje pafupi ndi chitseko. Palibe anandiuza kuti ndikhale pansi. Ndinkangoona kuti ndi pamene pali malo anga.

Amati safunsa anadya phula, ndiye ndinafunsa amuna anga kuti andiphunzitse malamulowo. Anangomwetulira.

"Uzingoonetsetsa, udzamvetsa."

Tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi chipande.

Ndinagula kope. Tikabwera ku Area 3 ndinkalemba lamulo lililonse limene ndamva. Munthu sachoka ku Chilinde kupita ku Area 10 ngati amene wamutsogolera wayetsemula. Area 43 satchula kawiri pokhapokha ngati pakhomo pali mlendo. Masamba anadzaza, koma malamulo ankagundana okhaokha. Limene linandichotsa ine sabata ino, sabata yamawa linkapambanitsa mlamu wanga. Ndinayamba kukhulupirira kuti vuto ndi mutu wangawu. Iwo onse anali ndi mapepala a ku koleji, ine sukulu ndinalekezera fomu 2. Ndinkaopa, ndipo ndinene mosabisa, ndinkaopa kuti ndidzakalamba m'banja limenelo ndili mlendo wotsuka makapu.

Tsiku lina kope lija linagwa m'chikwama changa kukhitchini, apongozi aakazi n'kulitola. Anawerenga tsamba loyamba, lachiwiri, kenako anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi. Ataona nkhope yanga analeka.

"Mwana wanga, malamulo kulibe," anatero. "Aliyense amangopeka pomwepo. Wina akakutsutsa, nawe umapeka lako lomuposa, nkhope ili gwa. Basi. Ngakhale pa wailesi paja zinali choncho."

Ndinatenga kope langa n'kuwafunsa.

"Ndiye nthawi yonseyi mumandiseka?"

"Ayi. Mwambo wake ndi wakuti watsopano sauzidwa, amatulukira yekha. Ine ndalakwa kale pokuuzani. Koma madala aja akhala akudikira kuti tsiku lina muwatsutse. Dzana lomweli amandifunsa kuti, kodi mpongozi wathuyu amatiopa, kapena satifuna?"

Sindinapiteko masabata atatu. Amuna anga ndinkawayankha ndi mawu amodziamodzi, ndipo anayenera. Ndinkakwiya ndikakumbukira mmene ndinkakhalira ndi kope lija, kuloweza zinthu zopanda mutu ngati ndikukonzekera mayeso. Koma mkwiyo utayamba kuphwa, funso la bambo aja ndi limene linatsala. Ine ndinkakhala chete powalemekeza, iwo ankaona ngati ndikuwakana. Iwo ankandichotsa m'masewera kuti ndilimbane nawo ngati mwana wa pakhomopo, ine ndinkaona ngati akundikumbutsa kumene ndinachokera. Munthu wamkulu ngati uja, amene anthu ankamuimirira akalowa mu ofesi, anali atapeza njira imodzi yokha yoti ana ake azimuuza kuti walakwa popanda wina kukhumudwa. Njira imeneyo ankanditsegulira Lamulungu lililonse, ine n'kumati zikomo.

Sabata yachinayi ndinapita, kope lili m'chikwama. Ndinayala chitenje changa pamalo a masiku onse. Supuni inalira pa kapu. Mlamu wanga anati Mchesi, amuna anga Area 9, ine Biwi, ndipo palibe ananditsutsa. Tinazungulira kawiri. Kenako apongozi aamuna anawongola jekete yawo.

"Area 3," anatero. "Ndatsika."

Mlamu wanga anatsegula pakamwa, koma amayi ake anamuponda phazi. Ndinadzuka pachitenje paja, n'kusendera pafupi, n'kugwada monga ndinaphunzitsidwira. Mawondo okhawo ndi amene ankadziwa chochita.

"Pepani adada," ndinatero, "koma simungatsike."

Ndinatsegula kope chakumapeto, pa tsamba limene ndinali ndisanalembepo kalikonse, n'kuyamba kuwerenga.

"Lamulo la pamlatho likuti, munthu amene wawoloka mtsinje wa Lilongwe kawiri tiyi wake asanathe m'kapu, kondakitala samumva. Minibasi imamupitirira nayo mpaka ku Likuni."

Onse anayang'ana kapu ya bambowo. Munali tiyi wofika pakati.

"Tabweretsani bukulo ndione," anatero.

Ndinawapatsa ndi manja awiri. Anavala magalasi. Anayang'ana tsamba loyera lija nthawi yaitali, chala chikuyenda pamizere yopanda kanthu, milomo ikugwedera ngati akuwerengadi. Kenako anapumira m'mwamba.

"Zalembedwadi. Ndime yachiwiri. Ndapitirira ku Likuni." Anatembenukira kwa mwana wawo wamwamuna. "Iwe, ukungoyang'ana chiyani? Tenga mpando. Wosunga malamulo sakhala pansi."

Amuna anga anathamangira m'nyumba kukatenga mpando. Kope lija silinabwerere kwa ine. Apongozi anati buku la malamulo liyenera kukhala kulikulu, ndipo analiika m'kabati yawo pamodzi ndi mapepala a penshoni. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawatsutsa pafupifupi sabata iliyonse, nthawi zina mwankhanza ndithu, ndipo madzi ndinkawapatsabe nditagwada. Zinthu ziwirizi sizinkalimbana ngati mmene ndinkaganizira.

Masewerawa sitichitanso kawirikawiri. Bambowo atamwalira, khonde lija linakula kwambiri, ndipo palibe amene amafuna kukhala woyamba kugogoda kapu. Titabwerako ku maliro kumpoto, apongozi aakazi ankalongosola za m'kabati ija, ndipo anandiitana n'kundipatsa kope langa. Ndinalitsegula chakumapeto, ndikufuna kuona tsamba loyera lija. Silinali loyera. Lamulo la pamlatho linali pamenepo, mawu onse monga ndinawanenera, m'zilembo zawo zopendekera za mu ofesi. Pansi pake anawonjezera mzere umodzi: lokhazikitsidwa ndi mwana wanga wamkazi.

Ndinafunsa apongozi aakazi kuti analemba liti zimenezi. Anati madzulo a Lamulungu lomwe lija, ife titangotuluka pageti.