Mbale imodzi ndi apongozi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga, a Wedisoni, amene ankakama ng'ombe pa famu ina cha ku Chalimbana. Anali masiku a chipani chimodzi, nthawi imene shuga ndi sopo tinkazipeza titaima pamzere mpaka miyendo kuuma. Ine ndinali nditangokwatira mlongo wawo, Neliya, ndipo ndinkakhala chikamwini, kudya za apongozi popanda chobweretsa. Mkamwini wopanda ntchito ngakhale nkhuku za pabwalo sizimupatukira. Choncho a Wedisoni atanena kuti adona a pa famu akufuna munthu wa kukhitchini, sindinafunse n'komwe kuti kukaphika chiyani.

Adonawo anali mzungu wamtali, wolankhula Chinyanja chodukaduka. Chimene ankadziwika nacho chinali tchizi chofewa chija cha timibulu toyera, chimene ankachitumiza ku mahotela a ku Lusaka. Mkaka wam'mawa tinkayamba taupungusa pa makina ochotsa mafuta. Wotsalawo tinkauthira mu mphika waukulu, n'kuonjezeramo kapu ya mkaka wosasa wa dzulo, n'kuvundikira ndi nsalu mpaka utagwirana. Kenako ndinkaudula ndi mpeni wautali, mizere yopingasana, n'kuuika pamoto. Apa ndiye panali nkhondo.

"Lazalo, moto pang'ono pang'ono," ankatero adona. "Ukafulumira, tchizi izankala monga labala."

Ndinaphika labala wambiri ndithu mwezi woyambawo, ndipo nkhumba za pa famupo zinanenepera ine. Koma dzanja linazolowera. Ndinadziwa kuviika chala n'kumva kuti kutentha kwakwana, kukhuthulira timibuluto mu nsalu yoyera kuti madzi achikasu adonthe, kutitsuka ndi madzi ozizira, n'kuwazamo kamchere.

Alendo akabwera tinkapanga china chapadera. Tchizicho ndinkachikanikiza pa sefa ndi msana wa supuni mpaka chisalale ngati phala la mwana. Ndinkathiramo uchi, poti shuga anali wosowa, madzi a ndimu pang'ono, ndi kirimu wokwanira kuti chifewe koma chisayenderere. Chikazizira mu furiji ya parafini, ndinkachiika m'mbale pakati pa thireyi, kuzungulira kwake mapapaya, nthochi ndi magwafa oduladula. Munthu ankatola chipatso, kusunsa, n'kudya. Ine amene ndinakula ndikudziwa kuti papaya amadya ana kuseri kwa nyumba, ndinayamba kunyada nazo ngati ndinabadwa nazo.

Tsiku lovuta linabwera ndi amayi a kalabu ya m'dera lathu. Atsogoleri a chipani ankafuna kuti mafamu aziphunzitsa amayi za zakudya za mkaka, ndipo adona, amene sankafuna kukhala pa mkangano ndi chipani, anawaitana. Sabata yonse adonawo anali osakhazikika.

"Bamayi aja bakapanda kukondwa, Lazalo, nchito yako yasila," anandiuza, ndipo sankaseka.

Madzulo ake a tsikulo lisanafike, Neliya anandiuza kuti amayi ake nawonso akapita, chifukwa anali msungichuma wa kalabuyo. Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi sadyera pamodzi, ndipo saonana akutafuna. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira m'maudzu. Mawu athu onse ankadzera mwa Neliya. Ndinaganiza zowauza adona m'mawa, koma ndinachita manyazi kufotokozera mzungu za kwathu, kuopa kuti andiseka. Ndinadzitonthoza kuti ine ndikakhala kukhitchini, thireyi akanyamula wina.

Sizinatero. Amayi atakhala pa mabenchi pansi pa mtengo wa mango, adona anaitana ine, nditavala epuloni yoyera ndi kachipewa, kuti ndionetse mmene timapangira. Ndinasefa, ndinathira uchi, ndinafinya ndimu, maso ali pa supuni basi. Apongozi anali kumapeto kwa benchi yakutsogolo, atatembenukira kumbali ngati akuwerenga ng'ombe za kudambo.

Ndinayamba kuzungulira ndi thireyi. Koma amayi aja onse ankadziwa kuti ndine mkamwini wa ndani, ndipo apongozi anali wamkulu pakati pawo. Palibe amene anafuna kuyamba kudya iwo asanadye, ndipo iwo sakanadya ine ndili pomwepo. Aliyense ankangoti, "Zikomo, pitilizani," manja ali pamiyendo. Thireyi inabwerera yodzaza.

Nkhope ya adona inafiira. Iwo anaona ngati amayiwo akunyansidwa ndi chakudyacho, kapena akuopa kuti muli china chake.

"Yambila kuli bamayi bakulu baja," anatero, akuloza apongozi. "Udye iwe poyamba, baone kuti ni vabwino."

Apa panali pomwe ndikanalankhula. Mawu ake anali ochepa: awa ndi apongozi anga. Koma ine ndinangoyenda, ndinagwada patali, n'kutambasula manja mpaka thireyi inafika pafupi ndi maondo awo. Ndinatola kachidutswa ka papaya, ndinasunsa, ndinaika m'kamwa. Sindinamvepo papaya wolimba ngati ameneyo. Ndinatafuna pamaso pa amayi ake a mkazi wanga, ndipo iwo anakoka mpango n'kuphimba nkhope. Kumbuyo kwina mayi wina anatsokomola chifuwa chimene sichinali chifuwa.

"Bakana?" anafunsa adona. "Waikamo chani, iwe? Chosa epuloni, uyende."

Ndinali ndisanadzuke pamene ndinaona dzanja likutuluka pansi pa mpango. Linali dzanja la apongozi. Linatola nthochi, linasunsa m'mbale momwe ndinali nditangosunsa ine, n'kubwerera pansi pa mpango. Tonse tinamva akutafuna. Kenako analankhula, osati kwa ine, koma kwa adona.

"Vili bwino, madamu. Mwana uyu aziba nchito yake."

Amayi ena onse anayamba kutola. Mbale inatha mpaka kupukutidwa ndi magwafa, adona anamwetulira, ndipo za epuloni sanazitchulenso. Ine ndinanyamula thireyi n'kukaima kuseri kwa khitchini, pafupi ndi migolo ya madzi, ndipo ndinalira ndi manyazi. Ndinali mwamuna wandevu, koma ndinalira.

Ntchito ndinaisunga, koma amene anavutika nazo ndi apongozi. Nkhani inafika kumudzi ife tisanafike. Kuchitsime ndi kuchigayo anzawo ankawafunsa ngati mbale ya mkamwini imakoma, ndipo ku maliro ena mayi wina anawasunthira mbale n'kuti adikire kaye Lazalo. Anali munthu wolemekezeka, wolangiza atsikana mwambo, ndipo kwa nthawi yaitali anasiya kuitanidwa ku zinamwali. Neliya ndiye ankandiuza zonsezi, pang'onopang'ono, ngati munthu wochotsa minga.

Ndinatuma Neliya ndi nkhuku yoti akandipepesere kwa amayi ake. Nkhukuyo anailandira, ndipo yankho linabwera lalifupi. "Ukamuuze kuti nadyela mwana ali m'mimba mwako. Koma tsiku lina azikamba, ali na pakamwa."

Patapita masiku ndinawafotokozera adona zonse. Sanaseke. Anangoti ndikanawauza m'mawa muja, akanatuma a Wedisoni ndi thireyi, nkhani n'kuthera pomwepo. Zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Ndaphika m'makhitchini ambiri kuchokera nthawi imeneyo, ndipo tchizi cha zipatso chija ndimachipangabe, uchi ndi ndimu momwemo. Koma ndisanagwire sefa ndimafunsa kuti akubwera kudzadya ndani, ndipo ngati pali chovuta ndimauza bwana nthawi yomweyo, andiseke ngati akufuna. Manyazi amene ndinawathawa m'mawa uja anali aang'ono, okwana ine ndekha. Pofika masana anali atakula, ndipo anawasenza ndi mayi wokalamba amene sanalakwe kanthu.