Makalata a Nduna m'Beseni

Tsiku limenelo kunali chifundi cha mu Novembala, mitambo itaunjikana paphiri la Chikala koma mvula osagwa. Nyenje zinkalira m'mitengo ya mango, ndipo chapatali sitima ya katundu inkaguguda kulowera ku Nayuchi. Ndinkachokera ku Liwonde kogula mankhwala a akazi anga, amene anali chigonere kuyambira nthawi yokolola.

M'nyumba mwathu munali kabokosi kachitsulo. Tinkasungamo makalata a kholo la akazi anga, munthu amene anali nduna ya mfumu yaikulu ya Ayao azungu asanakhazikike kuno. Ndunayo inkalemberana ndi mafumu ena ndiponso amalonda a kugombe. Makalatawo anali a m'Chiswahili, koma olembedwa ndi zilembo za Chiarabu. Zilembozo ndimazidziwa chifukwa cha ku madrasa. Chiswahilicho ndinkangotolapo mawu apa ndi apo: mchere, nsalu, minyanga, njala. Kalata ina inkaoneka ngati yopempha kuti nkhondo isadutse pamudzi wina. Ina inkatchula anthu pamodzi ndi katundu, ndipo imeneyo sindinkakonda kuitsegula.

Mphunzitsi wina wa mbiri yakale wa ku Zomba anawaona kamodzi. Anati zambiri za nthawi imene ija tinazimva kwa alendo, koma apa mwini dziko akudzilankhulira yekha. Analonjeza kudzabweranso mvula ikatha, ali ndi womasulira ndi chojambulira. Atapita, akazi anga anandigwira dzanja. “Bambo, ine ndikatsogola, adzukulu adzamve zimene analemba agogo.”

Nditafika pakhomo kuchokera ku Liwonde masana amenewo, ndinapeza azilamu anga awiri, akulu awo a akazi anga, atakhala pakhonde ndi beseni. Madzi ake anali bii. Makalata aja anali m'madzimo, atafewa ngati chigwada chophika.

“Alamu, mwachita chiyani?”

“Kombe, alamu, mankhwala a madzi otsukira malemba,” anayankha aakuluwo. “Mapiritsi anuwo athandiza chiyani? Mayi athu atadwala, ashehe analemba mawu a Mulungu m'mbale, n'kutsuka, n'kuwamwetsa, anadzuka. Nanji awa olembedwa ndi makolo omwe!”

“Iyayi, si Kurani imeneyo. Ndi makalata.”

“Makalata a Chiarabu? Inu alamu, musatiseketse pamatenda.”

Anali atawamwetsa kale odwalawo. Ndinavuula mapepala aja n'kuwayanika pamphasa, koma inki yonse inali itatsalira m'madzi. M'mawa mwake akazi anga anafunsa ngati kabokosi kali bwino. Ndinati kabokosi kalipo, sindinapitirize.

Anamwalira chimanga chisanamasule. Itatha sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi, abale awo anandisudzula, ndipo ndinabwerera kwathu ku Balaka. Mphunzitsi uja anandilondola komweko ndi womasulira wake. Ndinawaonetsa mapepala oyera, okwinyika. Anawatembenuza kangapo, kenaka anandipepesa ngati maliro achitika dzulo.

Adzukulu akabwera amandifunsa zimene analemba agogo aja. Ndimati mchere, nsalu, minyanga, njala. Mudzi umene ankapempha kuti nkhondo isadutsepo sindiudziwa, ngakhalenso ngati unapulumuka. Palibe adzaudziwe.

Chaka chatha azilamu aja anabwera pa Idi. Aakuluwo maso anachita khungu, amayenda chogwidwa dzanja. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko n'kunena kuti, “Alamu, ife timafuna mwana wa mayi athu adzuke.”

Ndinawakhululukira.