Kakompyuta Kamene Kanatsitsa Abambo M'bwato

Abambo anga anali siginala. Kwa inu amene simunakulire kunyanja, siginala ndi munthu amene amakhala yekha m'bwato laling'ono la nyali, n'kumakopa usipa ndi kuwalako, kenako n'kuuza anzake a m'maboti nthawi yoponya chilimila, ukonde waukulu wa usipa. Akafulumira, usipa umakhala usanasonkhane. Akachedwa, wabalalika. Ntchito yonseyo ndi maso ndi manja basi, ndipo kwathu ku Liwaladzi anthu ankati abambo ali nazo zonse ziwiri. Iwonso ankadziwa, sankachita kudikira kuti wina awauze.

Chimene ankaopa chinali chimodzi. Ali mnyamata anaona siginala wina wachikulire akukakamira ntchito maso atayamba kale kumunamiza. Alovi, anyamata okoka ukonde aja, ankabwerako opanda kanthu n'kumamuseka kumbali. Mapeto ake mwini chilimila anamulanda nkhafi pamchenga, amayi ogula usipa akuonerera. Nkhani imeneyi tinaimva mpaka kutopa nayo, ndipo inkathera pamodzimodzi. "Ine sadzachita kundiuza munthu," ankatero abambo. "Ndidzatsika ndekha."

Zipani zitachuluka m'dziko muno, katundu nayenso anachuluka. Ku boma kunadzaza mavenda, aliyense ndi thebulo lake la mawotchi, tochi, mabatire ndi zinthu zina zimene ngakhale wogulitsayo sankadziwa ntchito yake. Nthawi imeneyo n'kuti nditakwatiwa ku Chia, ndikuchita geni ya mpunga. Tsiku lina ndinaona kanthu kamene venda wake ankati ndi kompyuta ya m'manja. Kanali kapulasitiki kotuwa, kakulidwe ngati sopo wochapira, kagalasi kumtunda, mabatani achikasu kumunsi. Ukakayatsa, tinjerwa tinkagwa kuchokera pamwamba, iwe n'kumatitembenuza kuti tiyalane bwino. Mzere ukadzaza unkafufutika. Ukachedwa, tinjerwato tinkaunjikana mpaka pamwamba, kenako kankaimba kanyimbo konga ka pamaliro.

Ndinagulira ana anga. Cholakwika chinali chakuti ndinadutsa nako ku Liwaladzi. Abambo anati angokaona kaye, ndipo ana angawo sanakagwirenso. Anakhazikitsa lamulo lakuti wina aliyense asakakhudze chifukwa mabatire ndi odula. Masiku a mwera, kapena mwezi ukamawala moti usipa sulabadira nyali, ankakhala pansi pa mtengo wa mango, kofia ili kunkhongo, akumanga.

"Munthu wamkulu ndi ndevu zake," ankatero amayi, "kumanga nyumba yosagonamo munthu."

Abambo maso ankangokhala pa kagalasi. Tinjerwa sitinkadikira.

Pang'ono ndi pang'ono kanthu kaja kanasiya kukhala choseweretsa. Panali pena pake, ukapirira ndithu, pamene kanyimbo kankasintha ndipo njerwa zinkayamba kugwa ngati matalala. Abambo anapanga pamenepo kukhala muyeso wawo. Tsiku lililonse lopita kunyanja, akaswali alasiri, pemphero la chakumadzulo lija, ankasewera ulendo umodzi. Akafika posintha nyimbo paja ankathimitsa, n'kunena kuti, "Manja alipo." Kenako ankadzuka, n'kutenga nkhafi imene inkatsamira pakhoma la khonde, ulendo. Ena amapita kuchipatala kukayezetsa. Abambo chipatala chawo chinkakwana m'thumba la kanzu.

Ndiye kunabwera apongozi anga aamuna kuchokera ku Chia, kudzacheza ndi asewere awo. Kwathu mlendo waulemu akayamikira chinthu chako koyamba, umangoseka. Akabwereza, umasintha nkhani. Akapitiriza, basi, wachitenga. Apongozi anga anapitiriza. Anakatembenuza kakompyutako, anakayeza kulemera m'manja, anati azungu ndi anthu oopsa, anatinso ku Chia kulibe aliyense ali nako. Abambo anakapereka ndi manja awiri, akumwetulira, maso ali gwa. Amayi anathawira kuseri kwa nyumba kukaseka.

Abambo ndinawamvera chisoni, ndiye ulendo wotsatira wa ku boma ndinapita kwa venda yemwe uja. Bokosi lomwelo, mtundu womwewo, mabatani achikasu omwewo.

"Ndi komwe kaja?" ndinafunsa.

"Mayi, werengani nokha."

Ndinawerenga. Dzina lomwelo, nambala yake yomweyo.

Abambo anakalandira mosangalala, n'kukhala nako pansi pa mango paja. Posakhalitsa tinamva kanyimbo ka pamaliro. Anayambiranso, kanyimbo ka pamaliro. Anasintha mabatire. Anapukuta kagalasi ndi nsonga ya kanzu. Anasuntha mpando kuti dzuwa lisawathobwe m'maso. Njerwa zinkawaunjikira asanafike n'komwe pafupi ndi posintha nyimbo paja. Tsiku limenelo anatenga nkhafi osanena mawu awo aja.

Patapita masiku anandiitana. "Mwana wanga, aka ndi kofanana ndi kaja?"

Ndinawabweretsera mabokosi onse awiri, poti lakale lija amayi ankasungiramo singano. Abambo Chingerezi sankawerenga, koma zilembo ankazizindikira maonekedwe monga ankazindikirira mabwato a anthu ali patali. Anayerekeza chilembo ndi chilembo, chala chikuyenda. Kenako anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti ndine," anatero.

Mwatsoka, nyengo imeneyo usipa unavuta. Unavuta kwa aliyense, kuyambira ku Ngala mpaka kwathu ku Chia, asodzi ankangotentha palafini pachabe. Koma abambo ankaona ngati usipawo ukuthawa iwo okha. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa, ndipo ndinawauza mosapsatira. Ndinati kodi siginala wa ku Ngala nayenso manja atha? Nanga wa ku Chia? Onse akalamba mwezi umodzi?

"Nyanja imatha kukunamiza," anayankha. "Anthu nawonso amakunamiza chifukwa cha ulemu. Makina alibe chifukwa chonamizira munthu."

Amayi anayesa kukabisa kanthuko mumtsuko wa ufa wa kondowole. Abambo anakapeza. Tsiku lililonse ankadziyeza, tsiku lililonse ankalephera, ndipo anayamba kumayang'ana zala zawo ngati za munthu wina. Zinkandiwawa kuona, chifukwa manja omwewo ankasoka ukonde mofulumira kuposa anyamata onse a pagombe. Koma ukonde sunkaimba nyimbo yowauza kuti akhoza.

Lachisanu lina, atatuluka mumzikiti, anaitana mwini chilimila, alovi onse, ndi msuweni wanga, mwana wa mlongo wawo, amene kwa zaka ndithu ankawathandiza kupopa nyali. Anaima nawo pamchenga dzuwa likuswa mtengo. Anatenga nkhafi ndi nyali n'kumupatsa msuweni wangayo.

"Kuyambira lero nyali ndi yako. Ine ndatsika."

Mwini chilimila anawachonderera kuti adikire nyengo ithe. Anakana. Anthu anati abambo ndi munthu wanzeru, wodziwa nthawi yake, ndipo iwo anabwerera kunyumba manja ali kumbuyo. Khoma la khonde linatsala ndi kachizindikiro kakuda pamene nkhafi inkatsamira.

Msuweni wanga anagwira ntchito bwino ndithu, sindimunenera zoipa. Usipa unabwerera monga umachitira, osapepesa aliyense. Gawo la siginala ndi lalikulupo kuposa la alovi, choncho mnyamatayo anaona kuti tsopano angathe kusunga munthu. Anafunsira mbeta, anamulola. Ku ukwati wakewo n'kumene apongozi anga a ku Chia anabweranso, kakompyuta kakale kaja kali m'thumba.

Tsiku lotsatira ukwatiwo akuluakulu awiriwa anakhala pansi pa mango, aliyense ndi kake. Ine ndinkapeta mpunga chapafupi. Chimene ndinayamba kumva ndi nyimbo. Inali imodzimodzi, koma ya abambo inkathamanga, ya apongozi ikutsalira m'mbuyo, ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi wina ali ndi changu. Ndinasiya lichero.

"Tathimitsani nonse," ndinatero. "Muyatse limodzi."

Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anachita. Njerwa ya kwa abambo inafika pansi ya kwa apongozi idakali pakati pa ulendo. Anabwereza. Chimodzimodzi.

Abambo anatambasula dzanja, apongozi n'kuwapatsa kakale kaja. Anasewera. Anafika posintha nyimbo paja osatuluka ngakhale thukuta, anapitirira, anapitirirabe mpaka kumene anali asanafikeko chiyambire. Kenako anathimitsa, anakaika pamwendo, n'kupempha madzi akumwa.

Ine ndinatenga tonse tiwiri n'kupita nato ku boma kwa munthu wokonza mawotchi. Anamasula tizomangira n'kundionetsa m'kati. Mwa kakale munali kadontho kakuda konga phula, kakakulu ngati ndalama yachitsulo. Mwa katsopano kadonthoko kanali kakang'ono, kali pambali.

"Ubongo wake ndi umenewu," anatero. "Asintha. Watsopanowu ndi wothamanga."

"Nanga osalemba pabokosi bwanji?"

Anangokweza mapewa. Anati mwina mabokosi anasindikiza kale ambiri. Masiku ano ndimamva ana anga akudandaula zomwezo pa mafoni awo, akuti purosesa, ubongo womwe uja, dzina limodzi koma m'kati mosiyana. Ndimangowayang'ana. Zaka zimenezo tinali titazolowera zinthu zosintha dzina m'kati muli momwemo. Za chinthu chosintha m'kati dzina lili lomwelo, panalibe anatichenjeza.

Kwa venda uja ndinapitako ndili ndi mawu okwanira mtanga. Anandimvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu ndithu.

"Ndiye mwapindulatu, mayi," anatero. "Kamphamvu, pamtengo womwe uja."

Ndinachoka ndisanachite zoti anthu adzandikumbukire nazo pamsikapo.

Nkhani inamveka pagombe ponse. M'mawa wina msuweni wanga anabwera nkhafi ili paphewa. Anaiika pansi, n'kugwada pakhonde.

"Amalume, tamva zimene zachitika. Nkhafi yanu nayi."

"Ndinakubwereka, kapena ndinakupatsa?"

"Munandipatsa."

"Kuseri, kapena pamaso pa anthu?"

"Pamaso pa anthu."

"Mwana wa eni wamutenga dzana lomweli. Ukamuuza kuti chiyani? Kuti amalume asintha maganizo?" Abambo analoza nkhafiyo ndi chibwano. "Nyamula. Anthu asakuone nayo pano."

Mnyamatayo anandiyang'ana ine, ngati ndingamuthandize. Kenako ananyamula n'kumapita, akuyenda ngati wasenza mtembo.

Apo ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinati, "Abambo, zoona mulole pulasitiki ikulandeni nyanja? Manja muli nawo, maso muli nawo, mwaona nokha."

"Pamchenga paja sinayankhule pulasitiki," anatero. "Ndinayankhula ndine."

Apongozi anga, pomva chisoni, anatumiza uthenga kuti asinthane, abambo atenge kakale kaja. Abambo anakananso. Anati nakonso anapereka ndi manja awiri. Ndinachita kukabweza ndekha ku Chia, ndipo kanakathera m'manja mwa ana anga, eni ake enieni.

Abambo anatsala ndi kothamanga kaja. Ankasoka maukonde a anthu m'mawa, masana n'kukhala pansi pa mango. Amayi anasiya kuwanena za nyumba yosagonamo munthu. Mabatire ankawagulira okha akagulitsa chinangwa.

Patapita miyezi ndinabwera kudzawaona. Anali ataswali alasiri, ali pampando wawo, ine ndikusankha mpunga pamkeka. Panjira ya kumbuyo kwa nyumba pankadutsa alovi atanyamula nyali ndi zigubu za palafini, msuweni wanga ali patsogolo. Anapereka moni, abambo anayankha osadzutsa mutu. Kenako ndinamva kanyimbo kakusintha, pa kothamanga komweko. Anathimitsa n'kunditembenukira.

"Manja alipo," anatero.

Anadzuka, anakonza kofia, n'kuyenda mpaka pakhonde, dzanja litatambasuka kale. Anaima pamenepo kanthawi akuyang'ana khoma. Kenako anabwerera pampando, anakhala, n'kuyatsanso.